Kasinja Alibe Maso

Bambo anga, a Yotamu, ankamenya nkhondo pakhonde ku Mufakose
Lamulungu lililonse tikabwerako kutchalitchi.
Zitini za nsomba zinali akasinja,
zitsekerero za mabotolo zinali anthu,
ndipo mng'alu wa simenti, uja wochokera pachitseko kukafika pampopi,
unali mtsinje umene dzina lake linkasintha chaka ndi chaka.

"Taona," ankatero, "chitsiru chimagunda chitseko ndi mutu.
Wochenjera amasiya zitini ziwiri kutsogolo zizichita phokoso,
zinazo n'kuzembera kumbali, usiku, nyali zozima,
kukadula msewu wa mafuta.
Kasinja ndi chidakwa, mwana iwe.
Ukamumana chakumwa masiku atatu
umupeza ali duu, mfuti italoza kumwamba
ngati akupempha mvula."

M'kati mwake sanalowemo.
Mipando imeneyo inali ya azungu.
Yawo inali kuyenda pambali
m'matope a ku Bama ofika m'ntchafu,
kusuzumira chitsamba chilichonse,
poti chilombocho, ndi kulemera kwake konse,
chimaona dziko pakabowo
kochepa ngati pakamwa pa bokosi la makalata.
"Maso ake tinali ife.
Nsapato zinatha, maso sanathe."

Za Tebulo Saukira ankanena kamodzi pachaka, mvula ikayamba.
Mnyamata wa ku Ntcheu, katswiri wa likhweru,
amene malungo atamugwedeza
anakagona kumbuyo kwa kasinja, kufuna kutentha kwa injini.
Lamulo linafika mbandakucha: bwererani m'mbuyo.
Woyendetsa sanamve kanthu.
M'buku la akuluakulu
tsikulo analemba kuti zonse zinayenda bwino.
Akafika apa, bambo ankatola chitsekerero chimodzi
n'kuchiponya m'thumba la malaya,
masewera n'kuthera pomwepo.

Anabwerako ndi mamendulo awiri ndi chifuwa.
Kwawo munda anaupeza uli ndi mwini wina,
anakwera sitima, n'kudzatchona kuno ku Halale,
zaka makumi atatu akusesa fakitale ya mabulangete.
Tinawaika m'manda chitsekerero chili m'thumba,
amayi anakana kuchichotsa.

Sanaone m'mawa uja wa Novembala
pamene zitsulo zinaima pamphambano m'tauni.
Ine ndinalipo, ndi katoni yanga ya nthochi.
Ena ankati si akasinja enieni, ndi azisuweni ake chabe.
Kaya. Fungo la dizilo linali lomwelo
limene bambo ankalifotokoza atatsinzina.
Loweruka mzinda wonse unakhamukira mumsewu.
Atsikana ankajambulitsa atatsamira chitsulo,
mayi wina anakweza khanda lake kuti msilikali aligwire dzanja,
mbendera, malikhweru, mahutala,
inenso ndinavina, ndisaname.

Koma mapazi ananditengera kumbuyo kwake okha.
Kumeneko, mumthunzi, kamnyamata kogulitsa madzi
kanali katakhala pansi, msana utatsamira unyolo,
kakuwerenga makobidi.
Pamwamba injini inatsokomola kamodzi.

Sindikumbukira kuganiza.
Ndinakagwira pakolala, ndinakakwekweretsa paphula,
mabotolo ali mbwee, makobidi kugubuduka,
iko kakunditukwana m'Chishona cha ku Mbare
chimene sindingabwereze pamaso pa ana anga.
Chitsulo chija sichinasunthe n'komwe.
Anthu anandiseka. Wina anati mayiyu zamusokonekera.
Ndinalipira mabotolo atatu osweka
ndi ndalama ya basi yanga.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Mufakose, dzuwa likulowa,
m'dzanja muli chitsekerero cha buluu
chimene sindikudziwa kuti ndinachitola liti.
Khonde likadali lomwelo,
mng'alu unangokula, udzu unameramo.
Ndinagwada pamene bambo ankagwada.
M'thumba sindinachiike ayi.
Ndinachikhazika pasimenti, tsidya lino la mtsinje,
kutali ndi zitini,
n'kulowa m'nyumba kukatsuka maondo.